Magetsi owonjezera pa njinga za kabaza: vuto lili pa kalumikizidwe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya magetsi owonjezera amene anyamata a kabaza akumangirira pa njinga zamoto. Madalaivala a minibasi ndi malole akudandaula kuti magetsiwa akuwathobwa m'maso. Okwera akudandaula kuti njinga zikuwazimira pathengo usiku. Ena afika ponena kuti apolisi angowazula onse, nkhani ithe. Ine ndimakonza magetsi a njinga zamoto pa Mponela, m'mphepete mwa msewu wa M1, ndipo njinga zimene anthu akuzikamba chapatalizi zimagona pakhomo pa shedi yanga zitavulidwa thanki ndi mpando.

Ndiyambe ndi kuwaikira kumbuyo anyamatawa, chifukwa ambiri amene akuwanyoza sanayendepo pa njinga yamoto usiku wopanda mwezi. Njinga zambiri za kabaza, za injini ya 125cc kapena 150cc, zimabwera ndi babu la kutsogolo la ma watt 35. Kuwala kwake n'kofiirira, ndipo pa njinga zambiri kumachepa injini ikatsika. Ndiye kuti pamene munthu wachepetsa liwiro kuti aone bwino dzenje, m'pamenenso getsi limafooka. Tengani mnyamata amene wanyamula mayi wodwala kuchokera m'midzi ya njira ya ku Ntchisi, kapena akubwerera ku Madisi cha m'ma 9 koloko usiku. Kutsogolo kwake kuli ngolo yopanda chonyezimira chilichonse, njinga zakapalasa zosenza matumba a makala, mbuzi zogona pa tala, anthu ochokera ku maliro atavala zakuda. Palinso achifwamba amene amabisalira a kabaza kuti awalande njinga, ndipo ena aphedwa kumene. Munthu wotere akapeza kangachepe n'kugula magetsi awiri a LED, ine sindingamuone ngati wopenga. Akufuna kukafika kwawo.

Chimene chikundiwawa ndi mmene magetsiwo akulumikizidwira. Getsi lomwelo likhoza kupulumutsa munthu kapena kumuotchera njinga, ndipo kusiyana kwake kuli pa tizinthu totchipa kuposa getsilo: fyuzi, relay (kabokosi kotsegula ndi kutseka moto), waya wabwino, ndi kuleza mtima kwa amene akugwira ntchitoyo.

Chaka chino, fodya atangoyamba kugulitsidwa, anandikankhira njinga ina imene inali isanathe ndi miyezi itatu yomwe chigulireni. Fungo la pulasitiki yopserera linkamveka munthu asanaiyandikire. Nditachotsa thanki ndinapeza waya wopyapyala, wa mtundu umene timalumikizira masipika a wailesi, atamupota pa bawuti ya batire n'kumuyendetsa pamwamba pa felemu mpaka kutsogolo. Panalibe fyuzi pena paliponse. Pa khosi la njinga, pamene handulo imatembenukira, wayayo anali atakhulika mpaka mkuwa kuonekera, ndipo atakhudza chitsulo anafiira kuyambira pamenepo mpaka ku batire. Posungunuka anatenga anzake onse a m'mtolo waukulu wa mawaya: wa indiketa, wa hutala, wa kiyi, onse anamatirirana kukhala chibuluma chimodzi chakuda cholimba. Paipi ya petulo inali itayamba kufewa, ndipo pakati pa iyo ndi wayayo chala chimodzi sichikanalowa. Mwini wake anandiuza kuti utsi unayamba kutuluka pakati pa miyendo yake atanyamula mwana wasukulu. Anafunika kugula mtolo wonse wa mawaya watsopano, regulator (kabokosi kowongola moto wolowa m'batire) ndi batire, ndipo njinga inakhala masiku osagwira ntchito. Fyuzi ya ma amp 5 ikanapsa yokha, getsi n'kuzima, basi.

Pa nkhani ya fyuzi pali kusamvetsa kwakukulu. Ambiri amaiona ngati chinthu chovutitsa chimene chimangozimitsa njinga. Ikapsa amakulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, ena amalowetsamo waya wa mkuwa, ndipo ndinachotsamo kale msomali. Fyuzi inapangidwa dala kuti ikhale yofooka kuposa waya, kuti pakachitika shoti iyambe ndi iyo kuduka waya asanatenthe. Ikapsa ndiye kuti yagwira ntchito yake, ndipo ikukuuzani kuti penapake pali waya wokhudza chitsulo kapena katundu wachuluka. Kuika yaikulu m'malo mwake sikuchotsa vutolo. Njinga izi zimabwera ndi fyuzi imodzi yaikulu pafupi ndi batire, kawirikawiri ya ma amp 10 kapena 15, ndipo anaiyeza molingana ndi zimene opanga njinga anaikamo, osati zimene ife tikuwonjezera.

Batire la njinga yaing'ono si chitsime. Moto umapangidwa ndi makoyilo a m'kati mwa injini, kumbali ya magineto, n'kudutsa pa regulator imene imauwongola ndi kuuchepetsa kuti ulowe m'batire. Batire lili ngati nkhokwe: limangosunga zimene munda wabereka, ndipo mukamatapa zambiri kuposa zimene mukuthiramo, tsiku lina mudzapeza pansi pali mbee. Masamu ake ndi apafupi. Gawani ma watt a getsi ndi ma volt 12, mupeza ma amp amene likukoka. Magetsi awiri a ma watt 18 lililonse ndi ma watt 36, amene ndi ma amp 3. Batire la njinga zotere nthawi zambiri limakhala la 5Ah mpaka 7Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga). Mukaiwala magetsi amenewo ali chiyakire injini itazima, maola awiri okha batire lagona. Ndipo batire la mtovu likamagonetsedwa chotere kawirikawiri silibwereranso mwakale. Mwezi wachitatu munthu wayamba kunena kuti anamugulitsa batire lachinyengo, pamene walipha yekha.

Manambala olembedwa pa bokosi musawakhulupirire msanga. Ndaonapo kagetsi kokwana m'dzanja kolembedwa ma watt ochuluka zedi, koma nditakayeza kankakoka pang'ono chabe, ndipo ndaonanso ena okoka kuposa zimene wogulitsa ananena. Mita yoyezera magetsi ndi imene imanena zoona. Batire labwino, njinga itagona usiku wonse, limaonetsa ma volt 12.6 kapena pafupi pamenepo. Injini ikamalira pa liwiro loyendera, liyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ndiye yatsani zonse: getsi la kutsogolo, owonjezera aja, la kumbuyo, pondani buleki. Ngati nambala ikukana kufika 13 ngakhale mwaponda moto, makoyilo alephera katunduyo, ndipo ulendo uliwonse wa usiku ukudya batire. Kumbukiraninso kuti wa kabaza nthawi yambiri amakhala pa siteji injini ikungolira pang'onopang'ono, pamene makoyilo sapereka kanthu kwenikweni. Pa njinga zimene CDI yake, kabokosi kopereka moto woyatsira injini, imadalira batire, likafooka kwambiri ngakhale kiki sikuthandizani.

Pali chinthu china chimene ambiri omangirira magetsi m'misika sachidziwa, ndipo chapha magetsi a LED ochuluka. Njinga zina getsi la kutsogolo silidya za m'batire ayi. Limalandira moto wa AC kuchokera ku koyilo mwachindunji, moto wosinthasintha umene umakwera ndi kutsika limodzi ndi injini. Kudziwa kwake n'kosavuta. Tembenuzani kiyi injini isanalire, yatsani getsi. Likayaka, ndiye kuti likudya za m'batire, ndi DC. Likakana mpaka mutaliza injini, n'kumawala kwambiri mukaponda moto, ndi AC. Magetsi ambiri a LED anapangidwira DC. Mukawalumikiza ku waya wa getsi la kutsogolo pa njinga ya AC amaphethira, amatentha, ndipo posakhalitsa amafa. Munthu amabwerera ku sitolo kukagula ena, n'kukawalumikizanso pa waya yemweyo.

Mitundu ya mawaya nayo imasokeretsa anthu. Njinga zambiri zochokera ku China zinatengera kalumikizidwe ka Honda. Pamenepo waya wa girini ndiye earth, kutanthauza njira yobwererera moto, wofiira amachokera ku batire ndipo amakhala ndi moto nthawi zonse, wakuda amalandira moto pokhapokha kiyi atatembenuzidwa, wachikasu amachokera ku koyilo ya magetsi, wa buluu ndi wa full, woyera wa pa babu ndi wa dimu, wa bulauni ndi wa getsi la kumbuyo, ndipo wa olenji ndi wa buluu wotuwa ndi a maindiketa. Koma pa Yamaha waya wakuda ndiye earth, ndipo wa bulauni ndiye wa pambuyo pa kiyi. Pa Suzuki earth ndi wakuda wa mzere woyera, pamene pa kalumikizidwe ka Honda wakuda wa mzere woyera ndi wozimitsira injini. Mnyamata amene anaphunzirira pa mtundu umodzi akagwira wina ndi mtima wodziwa kale, amalumikiza moto ku earth. Ndiponso njinga imene yadutsa m'manja mwa anthu angapo mitundu ya mawaya ake siikhalanso ndi tanthauzo, chifukwa aliyense anajoinapo waya amene anali naye. N'chifukwa chake waya aliyense ndimayamba ndamuyeza, ndi mita kapena ndi kababu koyesera, ndisanamukhulupirire.

Mmene ntchitoyi iyenera kuyendera si za mtengo wapatali, ndipo ndikufuna mwini njinga azidziwe kuti aziyang'anira amene akumugwirira. Choyamba ndimamasula waya wa negative pa batire, ndipo ndi amene ndimamaliza naye pobwezera. Sipanala ikakhudza positive ndi felemu nthawi imodzi negative ili yomangidwa, zimene zimathetheka pamenepo zili pafupi ndi petulo. Kenako ndimatenga moto wa magetsi atsopanowo ku positive ya batire pa waya wawo wapadera, ndipo fyuzi ndimaiika pafupi penipeni ndi batire, mtunda wosaposa chikhato. Chifukwa chake n'chakuti chidutswa cha waya chimene chili pakati pa batire ndi fyuzi chilibe choteteza, ndiye chiyenera kufupika. Fyuzi yoikidwa kutsogolo pafupi ndi getsi siithandiza waya akakhulika pansi pa thanki. Kwa magetsi okoka ma amp 3 ndimaika fyuzi ya ma amp 5, ndi waya wa 1.0 kapena 1.5 mm².

Kuchoka pa fyuzi waya amapita ku relay. Kabokosi aka ndi swichi imene imatsegulidwa ndi moto wochepa kuti idutsitse moto wambiri. Kali ndi miyendo yolembedwa manambala. Pa 30 pamalowa waya wochokera ku fyuzi, pa 87 pamatuluka wopita ku magetsi, 85 imapita ku earth, ndipo 86 imalandira kamoto kochepa kochokera ku swichi ya pa handulo. Swichiyo ndimaidyetsa kuchokera ku waya wa pambuyo pa kiyi. Zikatero, kiyi akazulidwa magetsi sangayake, kaya mwaiwala swichi kaya ana akuseweretsa njinga pakhonde. Ndiponso katundu wolemera sadutsa m'kati mwa swichi ya kiyi, imene timikuwa take n'tating'ono ndipo timapsa msanga. Njinga zimene zimazima zokha munthu akagwedeza kiyi, zambiri zinayamba ndi katundu wodutsitsidwa pamenepo.

Pa njinga ya DC ndimakonda kuti relay izitsegulidwa ndi waya wa full. Ubwino wake ndi woti woyendetsa akadima pokumana ndi galimoto, magetsi owonjezera amazima okha nthawi yomweyo, popanda kufunafuna swichi ina ndi chala mumdima. Pa njinga ya AC zimenezi siziyenda bwino chifukwa relay imangonjenjemera ndi kulira, choncho pamenepo swichi yapadera iyenera kukhala pamene chala chachikulu chimafika dzanja lisanachoke pa handulo. Ndaona maswichi omangidwa pansi pa mpando, ena pa chitsulo chotchinga miyendo. Munthu wotero sangadime ngakhale atafuna.

Earth ndi imene anthu amaipeputsa kwambiri. Amangopana waya pa bawuti iliyonse yapafupi, pa penti, pa dzimbiri, kapena pa mafoloko a kutsogolo. Moto wobwerera kuchokera pa foloko umayenera kudutsa m'mabeya a pa khosi, m'girizi, ndipo getsi limaphethira pa bampu iliyonse. Earth yabwino imabwerera ku negative ya batire, kapena pa bawuti ya felemu yeniyeni pamene papalidwa mpaka chitsulo kuwala.

Tsopano pamene pagona nkhani yanga yeniyeni: polumikiza penipenipo. Mukatsegula chigoba cha getsi la kutsogolo mupeza mapulagi a pulasitiki a timapini tambiri, ndi timitu tozungulira ta waya mmodzimmodzi tolowetsana, tachimuna ndi tachikazi, tovekedwa timapulasitiki toonekera mkati. Opanga njinga anachita zimenezi kuti chinthu chizichotsedwa ndi kubwezeredwa popanda mpeni. Pa njinga zambiri mumapezanso kamutu kachikazi ka mabowo awiri, bowo limodzi lili lopanda kanthu. Amene akudziwa ntchito amafinyira kamutu kachimuna pa waya wake watsopano n'kulowetsa pamenepo. Ngati bowo lopanda kanthu palibe, amapanga kachidutswa ka mphanda, mbali imodzi kulowa ku waya wa njinga, mbali ziwiri kutuluka, n'kukalowetsa pakati pa timitu tiwiri tija. Tsiku limene mwini njinga wafuna kuigulitsa kapena kuchotsa magetsiwo, amangozula kachidutswako, njinga n'kubwerera mmene inachokera ku fakitale.

Zimene ndimapeza n'zina. Waya wasendedwa ndi lezala kapena ndi mano, timawaya tina ta mkati tadukira pomwepo, watsopano wangopotedwa pamwamba n'kukulungidwa ndi tepi, nthawi zina ndi jumbo. Ena amakankhira waya wosenda kumbuyo kwa pulagi n'kumupanikiza ndi kamtengo ka machesi. Kapini kachikazi kakatanuka kamodzi sikagwiranso bwino, ndipo pamene pagwira mofooka pamatentha. Pulagi yoyera imasanduka yofiirira, kenako yakuda, mpaka timapini tiwiri toyandikana tikhudzane. Tepi yotchipa nayo siipirira dzuwa la Okutobala: guluu wake amasungunuka, imafunyuluka, fumbi n'kulowa. Mvula ikayamba madzi amalowa m'joinimo n'kuyenda m'kati mwa waya, ndipo pofika Febuluwale mukasenda mumapeza mkuwa wasanduka ufa wobiriwira. Kuboola waya ndi singano poyeza kumachitanso chimodzimodzi, pang'onopang'ono.

Pamene palibiretu njira ina koma kujoina, joini ifinyidwe ndi pulayala yake yofinyira timitu, kapena iwotcheredwe ndi mtovu, n'kuvekedwa kachubu kaja kamene kamafinyika kakatenthedwa. Joini ya mtovu imauma gwa, ndipo njinga imanjenjemera tsiku lonse, choncho imangiriridwe ku mtolo waukulu kuti isamagwedezeke payokha, apo ayi idzathyokera m'mphepete mwa mtovumo. Kagirizi pang'ono m'timitu ndi m'mapulagi kamatchinga madzi.

Waya amene ali pamsika nayenso ngofunika kumuyang'anitsitsa. Alipo wooneka wonenepa kunja, koma mukasenda pulasitiki ndiyo yachuluka, mkati muli timawaya towerengeka. Aliponso wa aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba. Mupaleni ndi mpeni: akayera mkati, si mkuwa. Ameneyu amatentha msanga ndipo amathyoka akamapindikapindika. Waya wa m'nyumba wa mtima umodzi wolimba nayenso sayenera pa njinga, chifukwa kunjenjemera kumamudula.

Poyendetsa waya, atsate njira ya mtolo waukulu ndipo amangidwe pafupipafupi. Atalikirane ndi ekizozi ndi mutu wa injini, asapanidwe ndi thanki kapena mpando. Pa khosi asiyidwe wolendewera pang'ono ndi kuvekedwa kapaipi kapena chidutswa cha chubu chakale. Ntchito isanathe, handulo itembenuzidwe mpaka kumapeto kumanja ndi kumanzere injini ikulira ndi magetsi akuyaka, kuona ngati pali waya amene akukokeka. Zimenezi sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe, koma pa khosi m'pamene moto wambiri umayambira.

Madalaivala amene akudandaula za kuthobwa sakunama, ndipo pano anyamata a kabaza andimvere. Getsi lowala kwambiri loloza m'mwamba silikuonetsani msewu, likuwalitsa fumbi ndi nkhope za anthu. Dalaivala wa lole amene mwamuthobwa saona mphepete mwa msewu, saona woyenda pansi, ndipo inuyo sakudziwa kuti muli pati. Pa M1, pakati pa lole ndi njinga, tonse tikudziwa amene amakathera ku Kamuzu Central Hospital. Kuwongola getsi n'kwaulere. Imikani njinga pamalo athyathyathya mamita 10 kuchokera pa khoma, yezani kutalika kwa getsi kuchokera pansi, lembani mzere pa khoma pa msinkhu womwewo. Pamwamba pa kuwala kwa dimu pakhale masentimita 10 kapena kuposerapo kunsi kwa mzerewo, ndipo owonjezera aloze pansi kuposa apo, chakumanzere pang'ono popeza kuno timayenda kumanzere. Poyeza mukhale pa njinga ndi munthu kumbuyo. Njinga ikanyamula wokwera ndi thumba la chimanga kumbuyo kumatsika, kutsogolo kumadzuka, ndipo getsi limene linali bwino njinga ili yokha limakalowa m'maso mwa anthu.

Chinanso ndi mababu a LED amene akulowetsedwa m'chigoba cha getsi la kutsogolo m'malo mwa babu lakale. Galasi la m'kati mwa chigobamo linaumbidwa kuti lisonkhanitse kuwala kochokera pa kawaya kakang'ono ka babu, pamalo amodzi enieni. Babu la LED la timagetsi tambiri mbali zonse limamwaza kuwala paliponse, dimu ndi full osasiyananso. Woyendetsa amaona ngati kwawala chifukwa mitengo ndi zikwangwani zayera, koma patali pamsewu saona kuposa kale.

Za magetsi amitundumitundu ndilankhule mosabisa: sindimawamangirira, ngakhale munthu atandilipira bwanji. Kutsogolo kwa chinthu choyenda pamsewu kumakhala koyera, kumbuyo kofiira, maindiketa achikasu. Usiku munthu amaweruza ndi mitundu imeneyi ngati chinthu chikubwera kapena chikupita. Mukaika chofiira kutsogolo kapena choyera kumbuyo mwamunamiza. Magetsi a buluu ophethira ndi a apolisi, ndipo njinga iliyonse ikakhala nawo anthu adzasiya kupatuka pamene pafunikadi kupatuka. Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi njinga yodzaza timagetsi tothamanga m'mbali monse, pansi pa injini mpaka m'masipoko, koma getsi la buleki linafa kalekale, kapena likuyaka koma lamira m'zophethira zinazo. Ndalama yogulira zokongoletsa zimenezo ikanagula babu la kumbuyo, swichi ya buleki ndi jekete yonyezimira, n'kutsalako.

Chaja ya foni ndiitchule mwachidule, poti wa kabaza sangagwire ntchito foni itazima. Nayo ikhale ndi fyuzi ndipo idye pambuyo pa kiyi. Yolumikizidwa ku batire mwachindunji imakoka pang'onopang'ono usiku wonse ngakhale palibe foni.

Amisiri anzanga, ndikudziwa mmene zimakhalira. Mnyamata amabwera ali pa changu, akufuna kubwerera pa siteji, ndipo mukamuuza za fyuzi ndi relay amati mukufuna kumudyera, apita kwa wina wa pafupi amene amangirira mu mphindi khumi. Ambiri a iwo njinga si zawo, madzulo aliwonse ayenera kukapereka ndalama kwa bwana, ndiye kwacha iliyonse amaiwerenga. Komabe ife ndi amene tikudziwa chimene chili pansi pa thanki, iwo sadziwa. Ine ndimasunga pa shedi chibuluma cha mawaya opserera, ndipo munthu akayamba kukana fyuzi ndimamupatsa kuti achigwire. Ambiri amasintha maganizo. Amene wakanabe ndimamulola apite. Eni njinga nawonso asamangolandira ndalama madzulo. Auzeni anyamata anu kuti palibe chomangirira pa njinga popanda inu kudziwa, ndipo lipirani ntchito yabwinoyo nokha, poti njinga ikapsa ndi yanu.

Kwa akuluakulu a boma pempho langa ndi ili. Kuzula magetsi pa rodibuloko kumasiya mawaya a moto ali lendelende pansi pa thanki, ndipo mawa lake mnyamata amakagula ena, chifukwa mdima umene unamugulitsa oyambawo ukadalipo. A Directorate of Road Traffic and Safety Services pamodzi ndi apolisi a pamsewu atamafika pa masiteji, kudzera mwa atcheyamani a kabaza amene anyamata amawamvera kale, n'kuyeza magetsi pa khoma, kuchotsa a buluu ndi ofiira a kutsogolo, ndi kuona getsi la buleki, zingathandize kuposa chindapusa chokha. A TEVETA, amene akhala akuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, aganizire za maphunziro aafupi a magetsi a njinga zamoto m'matauni ang'onoang'ono ngati athu ano. Anyamata ambiri amene akugwira ntchitoyi anaphunzira poonerera, ndi anzeru, ndipo sabata imodzi ndi mita m'manja ingawasinthe kwambiri. A Malawi Bureau of Standards ayang'ane mawaya ndi mafyuzi amene akulowa m'dziko, chifukwa ndakumanapo ndi mafyuzi amene pulasitiki yake imasungunuka iwo osaduka. Ogulitsa magetsi nawo azigulitsa getsi limodzi ndi fyuzi, chosungira chake ndi relay m'jumbo imodzi, kuti wogula adziwe kuti zimayendera limodzi.

Kwa amene magetsi anamangirira kale, musadikire utsi. Mvula isanagwe chotsani mpando ndi thanki, mutsate waya wa magetsiwo ndi chala kuyambira pa batire. Ngati simukupeza fyuzi pafupi ndi batire, ngati pali tepi yofunyuluka, pulagi yosintha mtundu kapena waya wokhulika pa khosi, masulani wayayo pa batire lero lomwe ndipo muyende ndi getsi limene njinga inabwera nalo mpaka mutapeza mmisiri amene ali ndi mita. Akamagwira ntchito muime pomwepo, ndipo musanalipire mumuuze akuonetseni pamene waika fyuzi, azule kiyi, muone ngati magetsi azima.

Ndine wanu,

Wokonza magetsi a njinga zamoto,
Mponela, Dowa